Ng'ombe 3,000 zili pambali, iwo akudya nyemba: kodi ma cowboy ankadya chiyani paulendo?

Chimwala77
Anzanga pagulu pano, ndili ndi funso lomwe landivuta kuyambira ndili mwana, nthawi ija tinkaonera mafilimu a ma cowboy m'mavidiyo a pamsika. Anthu aja akuyenda ndi ng'ombe zosawerengeka, fumbi lili koboo, koma ikakwana nthawi ya chakudya uwaona akhala pansi ndi mbale za nyemba. M'mawa nyemba, madzulo nyemba. Kodi zinalidi choncho, kapena ndi zopeka za opanga mafilimu? Munthu ungagonere nyemba ng'ombe zikulira pambali pako? Amene mukudziwa mbiri yake tatiuzeni, ankadya chiyani kwenikweni, ndipo ankaphika ndani?

Kadzidzi
Ng'ombezo sizinali zawo, achimwene. Poyambira ndi pamenepo.

MphunzitsiWopuma
A Kadzidzi anena zoona, koma tiyambire kumbuyo pang'ono kuti zimveke. Nkhondo yapachiweniweni ya ku America itatha mu 1865, ku Texas kunali ng'ombe zankhaninkhani za nyanga zitalizitali, zomwe zinangoswana kutchire eni ake ali kunkhondo. Kumeneko ng'ombe imodzi inkagulidwa madola 4 kapena kutsikirapo, pomwe m'mizinda ya kumpoto yomweyo inkafika madola 40. Njanji yopita kumisika imeneyo inali kutali. Mu 1867 Joseph McCoy anamanga makola pafupi ndi njanji ku Abilene, m'chigawo cha Kansas, ndipo ng'ombe zinayamba kuyenda wapansi kuchokera ku Texas kudzera njira yotchedwa Chisholm Trail. Mtunda wake unali woposa makilomita 1,000. Yerekezani munthu akukusa ng'ombe kuchokera ku Nsanje mpaka ku Chitipa.

Gulu limodzi linkakhala ndi ng'ombe 2,500 kapena 3,000, anyamata okwera akavalo 10 kapena 12, kapitawo wawo, mnyamata wosamala akavalo, ndi wophika mmodzi. Patsiku ankayenda makilomita 16 mpaka 24 basi, chifukwa ukazithamangitsa ng'ombe zimakafika zitaonda, mtengo n'kugwa. Ulendo unkatenga miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mbali yaikulu ya njirayo kunalibe sitolo. Tsono kamba wa ulendo wotere ayenera kukhala wosaola: ufa wa tirigu, ufa wa chimanga, nyemba zouma, nyama ya nkhumba yothira mchere wambiri, mpunga, khofi, manyuchi, ndi zipatso zouma monga maapozi. Nyembazo si bodza ayi. Thumba la nyemba silinunkha, silifuna firiji, ndipo zimakhalitsa m'mimba mwa munthu amene wakhala pakavalo kuyambira mbandakucha mpaka mdima.

Mbusa_wa_kuShire
Ine izi sizikundidabwitsa ngakhale pang'ono. Ndakula ndikuweta ng'ombe za amalume kumunsi kwa Shire, khola lodzaza, koma ndiwo zathu zinali nkhwani, nyemba ndi nsomba zouma. Ng'ombe imaphedwa pamaliro kapena paukwati, osati chifukwa mbusa walakalaka nyama. Komanso taganizani: anthu 12 apha ng'ombe yathunthu padzuwa lotentha, adya zingati isanayambe kununkha? Kumeneko n'kutaya chuma cha mwini wake.

NaBanda_Texas
Pepani akuluakulu, apa nditsutseko pang'ono. Nyama ankadya, ndipo ankadya kwambiri. Ndakhala kuno ku Texas zaka zingapo, ndipo ndapitako kumipikisano kumene anthu amaphikabe ndi ngolo zakale zija monga ankachitira makolo awo. Zomwe amafotokoza n'zakuti ng'ombe ankaipha madzulo, nyama n'kuipachika usiku wonse kuti izizire ndi mphepo. Kukacha ankaikulunga m'chinsalu chokhuthala n'kuiika pansi pa zofunda m'ngolo kuti dzuwa lisaifike, usiku n'kuipachikanso. Choncho inkatha masiku angapo. Ankailenga mopyapyala, kuigubuduza mu ufa, n'kuikazinga m'mafuta ake omwe.

Chomwe a Kadzidzi alondola n'chakuti kapitawo sankakonda kupha ng'ombe ya chizindikiro cha abwana ake. Paulendo wotalika chonchi ng'ombe zosochera za anthu ena zinkalowerera m'gulu, ndipo kawirikawiri mpeni unkagwera zimenezo.

Kadzidzi
Ndiye kuti ankadya zakuba.

NaBanda_Texas
Ife tingatchule choncho, inde. Iwo ankati m'tchire lopanda mpanda aliyense amadya ya mnzake, ndiye zimafanana. Sindikuikira kumbuyo, ndikungonena mmene zinalili.

Chimwala77
Mayi NaBanda, zikomo. Nanga zam'kati ankataya? Azungu ambiri omwe ndawaona sakhudza matumbo.

NaBanda_Texas
Kutaya? Ndiye chinali chakudya chaulemu chimenecho! Akapha mwana wa ng'ombe wonenepa, wophika ankayamba ndi zam'kati chifukwa ndi zomwe zimafulumira kuwonongeka. Mtima, chiwindi pang'ono kuti msuzi usawawe, lilime, ubongo, ndi kachigawo kena ka matumbo a mwana woyamwa komwe m'kati mwake mumakhala zonona ngati mafuta a m'fupa. Zonse kuduladula tizidutswa, mchere, tsabola, n'kuwiritsa pang'onopang'ono kwa maola ambiri. Ubongo unkalowa kumapeto kuti msuzi ugwirane. Dzina lake laulemu ndi son-of-a-gun stew. Lilipo lina lomwe anyamatawo ankatchula okhaokha, koma ndi lotukwana, sindingalembe pagulu pali akuluakulu.

Bambo_a_Tadala
Amenewo ndi abale athu ndithu. Ife pachiwaya timayambanso ndi zam'kati. Koma nthumbwana za mbuzi palibe chozipambana, kaya ku Texas kaya kuti.

Kadzidzi
Nthumbwana zimafuna wotsuka bwino. Ambiri amangothamangira kukulunga.

Bambo_a_Tadala
Apo ndiye mwalasa. Madzi atatu, komaliza ofunda.

Mmisiri_wa_ngolo
Ine chomwe chimandigwira mtima pankhaniyi ndi ngoloyo, poti ntchito yanga ndi yokhoma ngolo za ng'ombe. Poyamba mnyamata aliyense ankanyamula kamba wake m'thumba pakavalo. Mbiri imatchula Charles Goodnight kuti ndiye anayambitsa ngolo yophikira mu 1866, pomwe iye ndi mnzake Oliver Loving ankakusa ng'ombe kupita ku Fort Sumner ku New Mexico. Anatenga ngolo yolimba yomwe asilikali anasiya kugwiritsa ntchito, kumbuyo kwake n'kukhomako kabati ya mashelefu ndi madilowa. Chitseko cha kabatiyo chinkatsegukira pansi n'kutsamira pamwendo umodzi, basi tebulo lokandirapo ufa lapezeka. M'madilowa munkakhala mchere, soda, khofi, mipeni, masupuni, singano ndi mankhwala. Pansi pa kabati panali bokosi lina la mapoto olemera. M'mbali mwa ngolo anamangirira mgolo wa madzi, kwinaku bokosi la zipangizo. Ngoloyo ndiyo amaitcha chuck wagon, poti chuck m'kalankhulidwe kawo ndi chakudya.

Koma nzeru yomwe ndimaisirira kwambiri ili kunsi. Ankatenga chikopa cha ng'ombe n'kuchimanga m'makona anayi pansi pa ngolo, chikulendewera ngati thumba. Akamayenda, aliyense akaona kankhuni ankatola n'kuponyamo, chifukwa kutsogolo kuli zigwa za udzu wokhawokha kopanda mtengo ndi umodzi womwe. Nkhuni zikasowa ankasonkha ndowe zouma, za ng'ombe kapena za njati za kumeneko. Munthu amene anaganiza zimenezi njala ya paulendo ankaidziwa.

Mbusa_wa_kuShire
Ndowe zouma zimayaka bwino, ife kubusa tinkawotchera mbatata. Moto wake ndi wofatsa, koma sizisiya makala okhalitsa. Wophikayo ayenera kuti ankavutika nazo pophika buledi.

Mayi_Chigumu
Buledi pamoto wa kutchire? Tafotokozani bwino pamenepo, mwandifika pamtima.

NaBanda_Texas
Mayi, mukaona mudzangoti ndi chigumu chathu chomwechi. Poto wake amamutcha Dutch oven: wachitsulo chokhuthala, pansi pake pafulati, timiyendo titatu, ndipo chivindikiro chili ndi mlomo m'mbali kuti makala asagwe. Makala pansi, makala pamwamba, ngati mmene amayi athu amaikira moto pachivindikiro pophika chikondamoyo.

Kusiyana kuli pa chotupitsa. Yisiti wa m'mapaketi panalibe. Wophika ankasakaniza ufa ndi madzi ofunda m'kamgolo kapena mumtsuko n'kusiya masiku angapo mpaka zitasasa n'kuyamba kuchita thovu. Pophika ankatapako gawo, kusakaniza ndi ufa, mchere, mafuta ndi kasoda pang'ono, n'kuumba timibulu tomwe ankatithithikiza mupoto. Akatapa ankabwezeramo ufa ndi madzi kuti mawa apezenso. Chotupitsa chimodzi chomwecho chinkayenda ulendo wonse. Usiku kukazizira ankachikulunga m'bulangete, ena ankagona nacho kumene, chifukwa chikazizidwa chimaleka kutupa ndipo gulu lonse ligonera nyemba zokhazokha.

Mayi_Chigumu
Ndiye n'chimodzimodzi ndi mmene thobwa limasasira likagonera. Ndinayesapo kuphika masikono mupoto pambaula chaka chatha magetsi atavuta, koma pansi panapserera pamwamba pasanapse. Ndinataya ufa wambiri ndipo zinandiwawa.

Mmisiri_wa_ngolo
Mayi, moto unachuluka pansi. Pambaula poto amakhala pamakala enieni. Tsitsani poto pansi, muike makala ochepa kunsi, ochuluka pachivindikiro, mwina kuwirikiza kawiri. Pakapita mphindi zingapo muzitembenuza poto mbali ina, chivindikiro mbali inayo, kuti kutentha kufalikire.

Wa_ku_Joni
Kuno anzathu Mabunu ali ndi potjie, ndipo nawonso amati anayenda naye pangolo za ng'ombe kalelo. Koma musasokoneze, potjie pansi pake ndi pozungulira ngati mphika, ndi wa ndiwo zowiritsa. Wa buledi amafuna pansi pafulati. Nanga nyama youma ma cowboy analibe? Kuno biltong ndiye kamba wa aliyense woyenda ulendo.

MphunzitsiWopuma
Anali nayo. Ankailenga timizeremizere, kuthira mchere, n'kuyanika padzuwa ndi mphepo. Amaitcha jerky, mawu ochokera ku charqui m'Chisipanishi, omwenso anachokera kuchilankhulo cha Quechua cha ku mapiri a Andes. Mnyamata ankaika m'thumba n'kumatafuna ali pakavalo, makamaka tsiku lomwe ngolo yatsalira powoloka mtsinje. Imasiyana ndi biltong poti biltong amaiviika mu viniga ndi zokometsera n'kuiumitsa ili yokhuthala.

Bambo_a_Tadala
Pa nyemba paja, ankathira soda kuti zifewe msanga? Ine kwanga ndinaletsa, soda amapha kukoma.

Mayi_Chigumu
Bambo, inu mumagula makala? Kholophethe wakale wa chaka chatha popanda kuviika kapena kasoda mutha thumba lonse.

Bambo_a_Tadala
Kuviika ndikuvomera. Soda ayi.

Kadzidzi
Nanyati safuna zonsezo, amapsa yekha.

Mayi_Chigumu
Amapsa yekha akakhala watsopano. Nyemba iliyonse ikagonera nyengo imauma mtima.

Chimwala77
Abale, tabwererani ku Texas, funso langa lisathere pa kholophethe.

NaBanda_Texas
Tabwerera, achimwene. Nyemba zawo zambiri zinali za mawangamawanga zotchedwa pinto, ndipo vuto lomwe Mayi_Chigumu akunenali wophika ankalidziwa bwino. Ankaziviika, kuziwiritsa usiku ndi chidutswa cha nyama ya nkhumba yamchere ija kuti zikome, mawa n'kumangotenthetsa. Nthawi yodikira nyemba masana panalibe, chifukwa tsiku lake linali lothina. Ankadzuka cha m'ma 3 koloko usiku, kusonkha moto, kuteleka khofi, kuumba buledi. Anyamata akadya n'kunyamuka, iye atsuke, apakire, amange nyulu pangolo, adutse gulu lonse la ng'ombe n'kukafika patsogolo kuti pomwe iwo azifika apeze moto wayaka kale. Madzulo chimodzimodzi. N'chifukwa chake malipiro ake ankaposa a anyamata okusa, omwe ankalandira madola 25 mpaka 40 pamwezi. Wophika yemweyo ndiye anali wometa, wozula dzino, wosoka bala ndi wosunga ndalama za anthu.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Ndakhala ndikungowerenga, koma pali chinthu chimodzi chikundipweteka. Tonse tikuti "azungu aja, azungu aja" chifukwa ndi omwe mafilimu anationetsa. Akatswiri a mbiri amayerekeza kuti mwa anyamata anayi alionse okusa ng'ombe m'njira zimenezi, mmodzi anali wakuda, ambiri mwa iwo anthu omwe anali atangomasulidwa kumene ku ukapolo. Enanso ambiri anali a ku Mexico, ndipo luso lambiri loweta ng'ombe pakavalo linachokera kwa abusa a kumeneko otchedwa ma vaquero. Bose Ikard, yemwe anabadwira mu ukapolo, anayenda ndi Goodnight zaka zingapo, ndipo Goodnight ankamukhulupirira mpaka kumusungitsa ndalama za ulendo. Pantchito yophika ndiye akuda ndi a ku Mexico analipo ambiri. Tsabola m'nyemba, nyama youma, buledi wafulati wophika pamoto wotchedwa pan de campo, zonsezi zili ndi dzanja la anthu a ku Mexico. Tikamakamba za chakudyachi tiziwatchula eni ake.

MphunzitsiWopuma
Mwachita bwino kutikumbutsa, achemwali. Ndionjezereko kuti njira ya Chisholm Trail ija ikawoloka mtsinje wa Red River inkalowa m'dziko la mitundu ya eni nthaka, lomwe lero ndi Oklahoma. Ng'ombe zikwizikwi zinkadya msipu wawo, choncho iwo ankalipiritsa msonkho, nthawi zina ndalama, nthawi zina ng'ombe yamoyo. Njati zomwe ena mwa iwo ankadalira zinali zikutha kuphedwa m'zaka zomwezo. Mafilimu amaonetsa ngati ankangovutitsa apaulendo, pomwe anthuwo ankafuna malipiro a udzu wawo.

Wa_ku_Joni
Funso lina. Ng'ombe zonsezo, tiyi wamkaka ndiye ankamwa tsiku lililonse?

Mbusa_wa_kuShire
Achimwene, ng'ombe yokulira kutchire simungaikame, ikuphani. Ndiponso zopita kukagulitsidwa nyama zambiri zimakhala zamphongo zofula.

NaBanda_Texas
Zoona, mkaka unali wosowa, ndipo tiyi sanali chakumwa chawo. Iwo ndi khofi wakuda bii, wowirira m'ketulo yaikulu yomwe sinkachoka pamoto, chifukwa usiku wonse anyamata ankasinthana kulondera ng'ombe, ndipo wobwera ndi wopita aliyense ankafuna kapu. Sefa panalibe. Khofi akawira, wophika ankathiramo madzi ozizira pang'ono kuti nsenga zikhale pansi.

Kale khofi ankagulitsidwa wosakazinga, chifukwa wokazinga ankataya fungo msanga, ndiye wophika ankayenera kukazinga yekha pachiwaya. Abale awiri a ku Pittsburgh, John ndi Charles Arbuckle, anapeza njira yokutira khofi wokazinga ndi dzira ndi shuga kuti asaguge, ndipo khofi wawo wa Ariosa anafala mpaka ma cowboy ankangoti Arbuckle akafuna kunena khofi. M'paketi iliyonse munkakhala kaswiti. Wophika akafuna womuperera khofi ankangofunsa kuti ndani akufuna switi, anyamata akuluakulu n'kumalimbirana chopukusira. Zimenezi zikukuuzani mmene zotsekemera zinkasowera.

Mayi_Chigumu
Ndiye kuti analibe chilichonse chotsitsira?

NaBanda_Texas
Wophika akakondwa ankaphika mpunga wa mphesa zouma, kapena kuika maapozi ouma m'kati mwa ufa wokanda n'kuphika mu Dutch oven. Zipatso zikatha ankapanga chitumbuwa cha viniga: madzi, shuga, ufa, mafuta ndi viniga pang'ono kuti chiwawasire ngati muli chipatso. Masiku ena n'kungothira manyuchi pabuledi. Tomato wa m'chitini ankamukondanso, osati ngati ndiwo, koma kumwa madzi ake pothetsa ludzu.

MphunzitsiWopuma
Ludzulo musalichepetse. Panjira ya Goodnight ndi Loving panali chigawo cha makilomita pafupifupi 130 chopanda madzi asanafike pamtsinje wa Pecos, ndipo madzi a m'maiwe ena a kumeneko anali amchere woipa wotha kupha ng'ombe. Mgolo wa pangolo unali wa masiku awiri okha. Pamenepo wophika ndiye ankagawa madzi, ndipo mawu ake anali lamulo.

Mmisiri_wa_ngolo
Malamulo a pangolo analipo ndithu, ndipo ngakhale kapitawo ankawatsata. Sufika ndi kavalo mbali yomwe mphepo ikuchokera, ungathire fumbi m'mapoto. Sumangirira kavalo kungolo. Sudyera patebulo la wophika, umakhala pansi mbale pamwendo. Sutapa chakudya asanaitane. Sutenga chidutswa chomaliza ngati pali mnzako amene sanadye. Ukatha kudya, mbale yako ukaike wekha m'beseni lotsukira. Ndipo ukadzuka kukathira khofi wina n'kufuula kuti pali munthu paketulo, basi uzungulire kuthirira onse.

Kadzidzi
Lachidutswa chomalizalo ndi la kwathu lenileni. Nkhwiru sakondedwa kulikonse.

Nyenyezi_ya_Mmawa
Chomwe ndimachikonda ine ndi ntchito yomaliza ya wophika asanagone. Ankayang'ana nyenyezi ya kumpoto, ija sisuntha usiku wonse, n'kutembenuza mtengo wokokera ngolo kuti uloze komweko. M'mawa kukacha, kaya kuli mitambo, kapitawo ankangoyang'ana mtengowo n'kudziwa kolowera m'chigwa chopanda phiri kapena mtengo wozindikirira. Kwathu kuno nyenyeziyo sitiiona chifukwa tili kumwera kwa equator.

Bambo_a_Tadala
Nanga zinatha bwanji? Ntchito yokoma chonchi.

MphunzitsiWopuma
Kukoma kwake kunali kochepa, bambo, anthu ankamira m'mitsinje ndi kupondedwa ng'ombe zikadzidzimuka usiku. Koma kutha kwake kunabwera ndi zinthu zitatu. Waya waminga, yemwe Joseph Glidden analembetsa mu 1874, anatseka tchire lomwe ng'ombe zinkadutsa. Njanji inafika ku Texas komweko, ndiye panalibenso chifukwa choyendera miyezi itatu. Chachitatu ndi nkhupakupa: ng'ombe za ku Texas zinkanyamula matenda omwe izo sizinkadwala nawo koma ankapha ng'ombe za alimi a kumpoto, mpaka mu 1885 Kansas inaletsa ng'ombezo kulowa. Zonse zinachitika m'zaka 20 zokha. Ngolo yophikira yokha ndiyo inapitirira m'mafamu akuluakulu, ndipo mu 2005 Texas inailemekeza kukhala chimodzi mwa zizindikiro za chigawocho.

Mbusa_wa_kuShire
Nkhupakupa zomwezi zimene timalimbana nazo kudibi. Ndiye kuti mavuto a woweta ndi amodzi.

Chimwala77
Ndathokoza nonse. Loweruka likubwerali ndikufuna ndiyese buledi ameneyu ndi ana anga kuseri kwa nyumba, ndili ndi poto wachitsulo wa agogo. Mayi NaBanda, chotupitsacho ndiyambe liti, ndipo ndidziwa bwanji kuti chakonzeka?

NaBanda_Texas
Loweruka lino lafulumira, konzekerani la sabata yamawa. Yambani lero: kapu imodzi ya ufa wa tirigu, madzi ofunda pang'ono osakwana kapu, m'botolo lagalasi kapena mumtsuko, osati m'chitini. Vindikirani ndi kansalu, muike pamalo ofunda. Tsiku lililonse muzichotsako theka n'kuthiramo ufa ndi madzi atsopano. Masiku oyamba fungo limakhala loipa, musataye. Chikayamba kukwera kuwirikiza kawiri patangopita maola ochepa mutachidyetsa, thovu lili ponseponse, fungo ngati la thobwa logonera, ndiye chakonzeka. Mukaona nkhungu yobiriwira kapena yofiirira, tayani muyambirenso.

Mayi_Chigumu
Inenso ndiyamba lero. Theka lochotsalo musataye, achimwene, thiranimo kamchere ndi kashuga mukazinge ngati zitumbuwa, ana adya.

Mmisiri_wa_ngolo
Ngati chivindikiro cha poto wa agogoyo chilibe mlomo, chitembenuzeni chagada kuti makala akhazikike. Ndipo potsegula muzichikweza mowongoka, phulusa lingagwere mubuledi.